Tafunsani Achimwene: Big walk yathu yakula kutiposa, titani?

FUNSO: Achimwene, ine ndine mayi wa ku Zingwangwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ife amayi akutchalitchi kwathu tinapanga big walk kuti tipezeko ya ufa ndi mabulangete a anzathu a ku Chilobwe omwe nyumba zawo zinapita ndi matope. Tinali ochepa, timangoyenda ndi mbale tikuimba basi. Chaka chotsatira anyamata anati iwo zoyenda ayi akufuna kuthamanga, ndiye tinaikapo kampikisano. Pano kukubwera anthu a ku Bangwe, Ndirande mpaka mabwana a m'maofesi ndi nsapato zawo zodula zija, moti ulendo wathawu madzi anatithera panjira ndipo mtsikana wina anakomoka. Ena mukomiti akuti tibwerere zakale, tizipanga tokhatokha. Inu mukuti bwanji?

YANKHO: Mayi, zobwerera m'mbuyozo iwalani. Mwana akayamba kuyenda simumubwezeranso kumsana, mumangochotsa mbaula panjira yake. Taonani Porters Race ya ku Mulanje ija, poyamba unali mpikisano wa anyamata onyamulira alendo katundu paphiri, lero amathamanga aliyense, amayi ndi alendo akunja omwe, mtunda woposa makilomita 20 chokwera ndi chotsika. Eni ake akanati tizipanga tokha bwenzi inu ndi ine sitikuudziwa.

Vuto lanu si kuchuluka kwa anthu ayi, vuto ndi loti mukukonzabe zinthu ngati mudakali gulu la mbale lija. Yambani ndi kulembetsa. Aliyense alembetse kusanafike tsikulo, apatsidwe nambala yomata pachifuwa, kuseri kwake alembe foni ya m'bale wake. Mukadziwa kuti kubwera anthu angati ndiye mudziwanso madzi ogula, osati zongoyerekeza. Tebulo la madzi likhale pa makilomita awiri kapena atatu alionse ndipo lomwe lili kumapeto kwa chitunda ndi lomwe limatha msanga, poti Blantyre yathuyi mukuidziwa, malo athyathyathya ndi osowa, ukangoti ndapuma kutsogolo kwabwera chikweza china. Pothera pakhale nthochi ndi Thanzi ORS wosungunula kale.

Mwezinso musankhe bwino. Okutobala musayerekeze, dzuwa lake lija ndi lomwe limagwetsa ana a eni. Juni kapena Julaye ndiye bho, ngakhale kukagwa chiperoni anthu amanyinyirika kudzuka, koma bola kuzizidwa kusiyana ndi kukagonekedwa ku Gulupu. Othamanga anyamuke 6 koloko m'mawa, oyenda adikire kaye pang'ono kuti asapondane ndi anyamata aliwiro.

Za msewu ndiye musachite chibwana. Lembani kalata ku khonsolo ya mzinda ku Chichiri komanso kupolisi nthawi idakalipo, apolisi apamsewu adzakuimireni pamphambano. Ine ndingakulangizeni kuti Masauko Chipembere Highway muipewe ngati mulibe anthu okwanira oimitsa galimoto, chifukwa ma minibasi opita ku Limbe ndi akabaza a njinga zamoto sadziwa zoti inu mukuthamangira chifundo. Pemphaninso a Red Cross adzakhalepo, ndipo galimoto imodzi iziyenda kumbuyo kwa munthu womaliza.

Koma chimene ndikuopa ine ndi china. Zinthuzi zikakula, oyamba kukankhidwira kumbali amakhala eni ake, amayi a zitenje omwe anayambitsa aja, zithunzi zonse n'kukhala za mabwana ndi mawotchi awo owerenga makilomita. Kuyendako musakuchotse ndipo mtengo wolembetsa wa oyenda ukhale woti gogo wogulitsa mandasi akwanitse. Mbale ija ndi nyimbo zija zisasowe.

FUNSO: Ine ndimakhala ku Ndirande, ndathamangapo mipikisano yachifundo kangapo koma sindinamvepo kuti ndalama zinapezeka zingati. Timangoona matisheti, mamendulo ndi zimkuzamawu. Kodi sitikungodyetsa makomiti apa?

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi lowawa koma ndi loona, ndipo mayi a ku Zingwangwa aja aliwerenge kawiri. Si makomiti onse akuba ayi, ambiri ndi anthu abwinobwino omwe sanakhale pansi kuwerengera kuti tisheti imodzi kuigula ndi kuidinda ikudya gawo lalikulu la ndalama yomwe munthu walipira, ndiye pomaliza amapeza kuti yotsala ndi ya matumba awiri a ufa, manyazi n'kuwagwira, n'kungokhala chete. Chetecheteyo ndi amene amabala mphekesera.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tisheti ikhale ya ofuna, agule payokha. Madzi, matenti ndi zokuzira mawu akapemphe kumakampani, iwowo amasangalala dzina lawo likaoneka pachinsalu, kuti ya olembetsa ipite yonse komwe inalonjezedwa. Nanga ndalamayo ikulowera kuti? Ngati nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ili m'dzina la tcheyamani, yomweyo yomwe amalandirirapo ya lendi, pamenepo pali ngozi ngakhale munthuyo akhale mkulu wampingo. Pakhale akaunti ya gulu kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu osakhala pachibale. Ya m'mbale iwerengedwe tsiku lomwelo anthu akuona.

Ikatha sabata imodzi kapena ziwiri alembe poyera, pa Facebook, pagulu la WhatsApp ndi pabolodi la kutchalitchi kapena kumzikiti: talandira zakuti, tagwiritsa ntchito zakuti, zotsala tagula zakuti ndipo tapereka kwakuti, malisiti ndi awa. Inuyo musanalipire chaka chino funsani lipoti la chaka chatha. Akayamba zoti bwanji simukutikhulupirira, sungani ndalama yanu, kathamangeni nokha ku Njamba kenako mukagule shuga ndi sopo mukapereke ndi manja anu.

FUNSO: Ndili ndi zaka 56, ndimamwa mankhwala a BP. Ana akundikakamiza kuti ndilowe nawo, akuti ndi marathon. Ndingathe?

YANKHO: Bambo, anawo akungotchula dzina lalikulu. Marathon yeniyeni ndi makilomita 42 ndi kanthu, theka lake ndi 21, ndipo zimenezo anthu amakonzekera miyezi. Zachifundozi nthawi zambiri zimakhala 5 kapena 10, inu lembetsani ya 5 yoyenda. Pitani kaye kuchipatala akakuyezeni, muwauze zomwe mukufuna kuchita, akakulolani muyambe kuyenda mphindi 30 m'mawa ulionse kwa mwezi wathunthu. Tsikulo mankhwala mumwe monga mwa masiku onse, nsapato muvale yakale yomwe phazi linaizolowera, yatsopano imatulutsa matuza. Mukamva chizungulire kapena kuthina pachifuwa khalani pansi pomwepo muitane a Red Cross, galimoto yakumbuyo ija ikutengani.