Azakhali, musamukakamize mbale yodzaza

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja mwaika pagulupu usiku ndaumva. Ndiyankha pagulupu pomwepano kuti amalume ndi ena onse amve nawo, chifukwa nkhani ya msuweni wangayu aliyense akuikirapo mlomo. Mwati adokotala anamuuza kuti ali ndi IBS, matenda aja a matumbo osachedwa kuvuta, ndiye waonda, masiketi onse akumukulira. Mukamupakulira nsima mitanda itatu akumadya umodzi n'kusamba m'manja, pasanathe mphindi zingati wathamangira kuchimbudzi. Ndiye mukufunsa kuti mumutani kuti thupi libwerere, komanso ngati sakungochita dala.

Ayi azakhali, sakuchita dala. Ndikufotokozereni zimene zimachitika m'katimo. Chakudya chikalowa m'chifu n'kuchifutukula, thupi limatumiza uthenga kumatumbo aakulu kuti yambani kukankha, kukubwera katundu wina. Zimenezi zimachitika kwa tonsefe, n'chifukwa chake khanda likangoyamwa mumasintha thewera. Koma kwa munthu wa IBS uthenga umenewu umafika mwamphamvu kwambiri, ndipo matumbo ake amamva kupweteka pa mpweya wochepa umene inu ndi ine sitingaumve n'komwe. Mbale ikakula, kukankhako kumakulanso. Ikakhala ya mafuta ambiri nthawi imodzi, ndiye basi. Tsono munthu amayamba kuopa chakudya. Akadziwa kuti m'mawa akwera minibasi, sadya kanthu, kuopa kuchita manyazi panjira. Masana kuntchito angomwa tiyi. Madzulo njala yamupha, inu mwamudzazira mbale, m'mimba mwavuta, mawa lake mantha aonjezeka. Kuonda kwa anthu ambiri a IBS kumachokera pamenepo.

Koma ndisanafike pa zakudya, pali chinthu chimene ndikufuna mumvetsetse, ndipo apa ndikulankhula ngati namwino osati ngati mwana wa m'banjamo. IBS payokha siwondetsa munthu. Matumbo ake amayamwa chakudya bwinobwino. Ndiye munthu akamaonda, sitimangoti aa, ndi IBS ija. Kuno ku Britain dokotala akamva kuti wodwala m'mimba akutsika sikelo asakufuna, amayamba kaye wafufuza zina. Abwerere kuchipatala akanene mosabisa kuti ndatsika makilogalamu akuti m'miyezi yakuti. Akamuyeze kuchuluka kwa magazi, shuga, chithokomiro, TB, HIV, ndipo musadzidzimuke kuti ndatchula imeneyi, ndi mndandanda umene amayeza aliyense woonda. Akapereke chimbudzi akaone njoka za m'mimba ndi tizilombo totsegula m'mimba totchedwa giardia ndi amoeba. Paja amakonda kusambira akapita kunyanja, akatchulenso zimenezo chifukwa likodzo lilipo la m'matumbo, si la mkodzo lokha ayi. Palinso matenda ena amati coeliac, oti thupi limadana ndi tirigu, amafanana kwambiri ndi IBS koma iwo amawondetsadi. Ngati angapeze koyezetsa, asasiye kaye buledi asanayezedwe, chifukwa akasiya zotsatira zimatha kunama. Ndipo akaona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii, kapena kutsegula kukumudzutsa pakati pa usiku, kutentha thupi, thukuta la usiku, asadikire tsiku limene anamulembera. Apite tsiku lomwelo.

Chinanso, tisayeze ndi maso. Kwathu munthu akangochepa masaya timati wadwala. Pali kawerengedwe ka kulemera poyerekeza ndi kutalika, amati BMI, ndipo munthu amatchedwa woonda mopitirira ikatsika pansi pa 18.5. Kwa munthu wamtali mamita 1.6, zikutanthauza pafupifupi makilogalamu 47. Aziima pasikelo kamodzi pamlungu, sikelo yomweyomweyo, m'mawa asanadye, n'kulemba. Tsiku lililonse ayi, angodzidwalitsa mtima.

Tsopano kadyedwe. Chakudya chomwe mumafuna adye katatucho chigaweni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pasamadutse maola oposa atatu asanaike kanthu kukamwa, ngakhale asakumva njala. Ndiye m'malo mokulitsa mbale, muzilemeretsa kochepako. Kuti munthu ayambe kukwera sikelo amafunika kuonjezera makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, 300 mpaka 500 patsiku pamwamba pa zimene amadya kale. Zikumveka zambiri koma tamverani. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mtedza wodzaza kadzanja kamodzi, magalamu ngati 28, uli ndi pafupifupi 160. Dzira limodzi lowiritsa, 70 ndi kanthu. Mwaona? Zitatu zokhazi zakwana kale 350, ndipo m'mimba simunadzaze n'komwe.

Ndiye tsiku lake likhoza kuyenda chonchi. M'mawa phala lolimbako pang'ono, osati lamadzimadzi lija lomwera m'kapu, muthiremo nsinjiro masupuni awiri ndi kasupuni ka majarini kapena mafuta, theka la mbale basi. Cha m'ma 10 dzira lowiritsa ndi nthochi, koma nthochi yongoyamba kupsa, yachikasu yolimba, chifukwa ikapsetsa n'kuchita mawanga imakhala ndi shuga wa mtundu umene umawira m'matumbo. Masana mtanda umodzi, kapena umodzi ndi theka, koma ndiwo zichuluke kuposa masiku onse, usipa, matemba, kachidutswa ka nkhuku, nkhwani wotendera. Wotenderayo ndiye ndikumulimbikitsa kwambiri, nsinjiro zija ndi mphamvu yobisika. Cha m'ma 4 mtedza wokazinga, kapena mbatata ya kachewere yophika yothira timafuta pang'ono. Madzulo mpunga kapena nsima pang'ono ndi nsomba, osati mochedwa kwambiri. Akafuna, kaphala kena kapu imodzi ola limodzi kapena awiri asanagone. Madzi azimwa okwanira, makapu ngati 8 patsiku, koma pakati pa zakudya. Akagugudiza kapu yaikulu asanayambe nsima, malo a nsimayo atha.

Pa mafuta pali msampha, mumve bwino. Ndati mafuta amanenepetsa, koma ndatinso mafuta ambiri nthawi imodzi amautsa matumbo. Ndiye kasupuni m'phala, kasupuni m'ndiwo zamasana, kasupuni madzulo. Chipisi cha pachiwaya chonyowa mafuta chija, mandasi atatu, kanyenya wamafuta, zimenezo zimugwetsa tsiku lonse. Ndikudziwa amalume anena kale pagulupu pano kuti mugulireni chipisi ndi Fanta tsiku lililonse anenepa. Amalume, pepani, inu zimakuyanjani, koma iyeyu zakumwa za gasi zimangomuwonjezera mpweya.



Tsopano za mtundu wa zakudya. Ku yunivesite ya Monash mumzinda wa Melbourne ku Australia, akatswiri anapeza kuti pali mitundu ina ya shuga m'zakudya imene matumbo aang'ono sayamwa bwino. Imakoka madzi, kenako ikafika m'matumbo aakulu tizilombo tabwinobwino tokhala m'menemo timaiwiritsa, mpweya n'kuchuluka. Anaipatsa dzina lakuti FODMAP. Zakudya zimene zili nayo yambiri, zina ndi zomwe timaphika tsiku ndi tsiku: anyezi, adyo, nyemba, nandolo, soya, tirigu, mkaka, uchi, mango, maapulo, mavwende. Mwayi wathu ndi woti chimanga, mpunga, kachewere, mazira, nsomba, nyama, mtedza, papaya ndi malalanje zilibe vuto limeneli. Anzathu kuno amavutika kwambiri chifukwa chakudya chawo n'chatirigu kuyambira m'mawa mpaka usiku, ife nsima yatipulumutsa.

Koma azakhali, musatenge mndandanda umenewu n'kumuletsa zonse. Apa ndiye pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amawerenga pa intaneti, n'kusiya izi, n'kusiya izo, kutsala ndi mpunga woyera ndi madzi, ndiye kuonda kuja kumanyanya. Eni ake amene anayambitsa njirayi amati kusala kumeneku n'kwa milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi basi, kenako umabwezeretsa chimodzichimodzi kuti uone chimene chikukuvuta, ndipo amati uzichita ndi katswiri wa zakudya. Kwa munthu woonda kale ngati msuweni wangayu, ine maganizo anga ndi oti asasale zonse n'komwe. Ayambe ndi zitatu zimene zimavuta anthu ambiri, anyezi ndi adyo, nyemba, ndi mkaka wamadzi. Milungu iwiri kapena itatu, aone. Agule kope la 40 leaves, azilemba chimene wadya, kuchuluka kwake, ndi mmene m'mimba mwachitira. Kopelo lidzamuuza zambiri kuposa ine.

Ndikudziwa mufunsa kuti ndiwo zopanda anyezi zikoma bwanji. Pali kanjira. Shuga wa mu adyo ndi anyezi amasungunuka m'madzi koma sasungunuka m'mafuta. Ndiye dulani adyoyo kapena anyeziyo zikuluzikulu, mukazinge m'mafuta okhaokha mpaka fungo lituluke, muvuule zidutswa zonse, kenako ndiye muthire tomato ndi madzi. Fungo latsala, chovutacho chapita. Mukangothira madzi zidutswa zili momwemo, mwaononga. Masamba obiriwira a anyezi aja nawonso ndi abwino, mutu woyerawo ndiye wovuta. Nyemba akadzayamba kubwezeretsa, muziviika usiku wonse, madzi ake mutaye, muphike zipse kwambiri, ayambe ndi masupuni awiri. Vuto nthawi zambiri ndi kuchuluka. Peyala kachidutswa kakang'ono amatha kupirira, lonse lathunthu ayi. Mbatata ya kholowa theka la kapu, osati mbale. Mkaka, ena chambiko pang'ono chimawayanja kuposa mkaka wamadzi, ayese kochepa aone. Likuni Phala muli soya, nyama ya soya ija nayonso, ndiye zikamutupitsa musadabwe, bwererani ku phala la nsinjiro.

Za ufa, popeza iyeyu vuto lake lalikulu ndi kutsegula, mgaiwa wa madeya ambiri ukhoza kumuvuta, ayese ufa woyera kapena gramil. Tiyi asapitirire makapu atatu patsiku, khofi achepetse kwambiri. Kambuzi ayambe wapuma. Chingamu ndi maswiti olembedwa kuti alibe shuga nthawi zambiri mumakhala sorbitol, imeneyo imatsegula m'mimba ngakhale munthu wabwinobwino. Ndipo mtedzawo, popeza azidya wambiri, muzisankha. Wofota, wakuda, wachuku, wowawa, tayani, musasinje pamodzi ndi wabwino. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumutha.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi mankhwala onenepetsa aja amagulitsa mumsika ndi pa WhatsApp. Chonde azakhali, wina asamubweretsere. Mapiritsi ambiri amenewo ndi mankhwala amphamvu otchedwa masteroid, monga dexamethasone kapena prednisolone. Nkhope imatupa, mimba imakula, anthu n'kumati wanenepa, koma miyendo ikuwonda, shuga akukwera, BP ikukwera, mafupa akufooka, chitetezo cha m'thupi chikutsika, ndiye ngati pali TB yobisala imadzuka. Ukawasiya mwadzidzidzi utamwa nthawi yaitali ndi ngozi inanso. Manyuchi aja opatsa chilakolako, a cyproheptadine, amagonetsa tulo ndipo sakonza chimene chikumuvuta, iye njala ali nayo, chimene alibe ndi mtendere akadya. Mankhwala azitsamba otsuka m'mimba ndiye asayandikire, munthu wotsegula kale mukutsukanso chiyani? Chiponde cha kuchipatala cha m'timapaketi chija n'cha odwala matenda osowa zakudya m'thupi ndipo muli mkaka wa ufa, asagule kwa ozembetsa, chiponde chosinja nokha pakhomo chikwanira. Mankhwala othandizadi alipo, loperamide wa kutsegula, Buscopan wa kupotokola, koma akambirane ndi dokotala wake kamwedwe kake, makamaka masiku amene ali ndi ulendo, kuti asamachoke pakhomo ndi njala.

Musayembekezere zodabwitsa. Kota ya kilogalamu mpaka theka pamlungu ndi bwino kwambiri. Milungu ina sikelo ingoima, makamaka akakhala kumwezi, chifukwa amayi ambiri a IBS nthawi imeneyo m'mimba mumavuta kwambiri. Aziyenda pang'onopang'ono akatha kudya, ndipo tintchito tonyamula, ngakhale chidebe chamadzi, timathandiza kuti chimene akuonjezeracho chipite ku minofu.

Komaliza ndi ife a m'banjamo. Matumbo ndi ubongo zimalankhulana, nkhawa ikakwera m'mimba mumayankha. Munthu akakhala pamkeka, anthu asanu akumuyang'ana pakamwa, wina akuti idya, wina akuti waondatu iwe, wina akunong'ona kuti kaya ndi matenda aja, chakudyacho chingatsike bwanji? Mupatseni kambale kakang'ono azidzipakulira yekha. Akasiya, vundikirani, adya pakatha maola awiri. Pa zinkhoswe ndi pamaliro akakana nyemba ndi kabichi, mumuikire kumbuyo inuyo, musamusiye azidzifotokozera yekha kwa azimayi onse.

Iwe msuweni, ndikudziwa ukumvetsera ngakhale sukuyankha. Unditumizire kumbali kutalika kwako, kulemera kwako panopa ndi kwa chaka chatha ngati kunalembedwa, ujambulenso masamba a m'kabuku kako ka kuchipatala ndione zimene anakuyeza kale. Ndikulowa ntchito ya usiku, ndikuimbira Loweruka masana. Mupereke moni kwa agogo, azakhali.