Dzuwa likangolowa, mwana ayamba kulira

FUNSO: Anamwino, mwana wanga ali ndi milungu 6. Madzulo aliwonse amalira mosatonthozeka uku akupinda timiyendo, ndipo patha masiku atatu osachita chimbudzi. Apongozi akuti ndimumwetse madzi a mizu. Nditani? Ndine mayi wa ku Chawama.

YANKHO: Pepani mayi, ndikudziwa mmene mtima ukuwawira. Mwana wanga woyamba ankalira choncho tili ku Matero, mpaka aneba ankabwera kudzagogoda. Kulira kotereku kumafika pachimake pa milungu 6, ndipo kumatha kokha mwana akamakwanitsa miyezi itatu kapena inayi.

Mizuyo ayi, chonde. Apongozi akufuna kuthandiza, auzeni mwaulemu kuti kamimba ka mdzukulu wawo sikanakhwime. Mpaka miyezi 6, bere lokha ndi lokwanira, ngakhale madzi musamupatse. Mwana woyamwa bere lokha amatha kukhala masiku angapo osachita chimbudzi. Chikabwera chofewa, palibe vuto.

Akamaliza kuyamwa, muikeni paphewa, mumusisite kumsana mpaka ageye. Onetsetsani kuti akulowetsa mkamwa mbali yakuda ya bere, osati nsonga yokha, chifukwa akayamwa nsonga yokha amameza mpweya. Ine chomwe chinkandithandiza kwambiri ndi kumubereka ndi chitenje n'kumayendayenda pabwalo. Mukatopa, mupatseni bambo ake. Musamugwedeze mwamphamvu ngakhale pang'ono, ubongo wake ungavulale.

Koma akatentha thupi, akakana bere, mimba ikatupa n'kuuma, akasanza zobiriwira kapena mukaona magazi m'chimbudzi, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo, musadikire tsiku la sikelo.