Evangelical si dzina la mpingo, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pali mnyamata amene akufuna banja, inu ndinu a Anglican a ku Linga, iye akuti ndi "evangelical", ndipo malume anu akana kumva za chinkhoswe mpaka adziwe kuti chimenecho n'chiyani, poopa kuti mwina ndi za aneneri ogulitsa madzi aja. Ena amene akuyankhani kale angoti thawani, ena ati ndi a Pente (a Pentekoste) basi. Ine ndichedwapo pang'ono, mundipirire. Ndine mkulu wa mpingo kuno ku Nkhotakota ndipo imvi zandimera ndili m'zimenezi.

Malume anu sakulakwa kufunsa, kungoti dzinalo palokha siliwayankha. Liwuli lidachokera ku Chigiriki, euangelion, kutanthauza uthenga wabwino. Palibe likulu limodzi kapena bishopu mmodzi woyang'anira onse. Anthu a chikhulupiriro chimenechi muwapeza ku Baptist, ku CCAP, ku Assemblies of God, ku Nazarene, ku Zambezi Evangelical Church imene mizu yake ili pa mishoni ya Joseph Booth ya 1892, ndi m'mipingo ina yambiri yomwe imakumana mu Evangelical Association of Malawi. Ndipo izi zikudabwitsani: John Stott, amene adatsogolera kulemba pangano la ku Lausanne mu 1974, lomwe a evangelical a maiko ambiri amaligwiritsa ntchito mpaka lero, anali wansembe wa Anglican ku London. Chabe kuti Anglican yathu kuno idabwera ndi amishoni a ku England a bungwe la UMCA, okonda misa ndi lubani, nchifukwa chake liwuli likumveka lachilendo kwanu.

Mtima wa nkhani ndiufotokoza ndi zomwe ndidaona ndili mnyamata. Bambo anga anali msodzi. Chaka china mwera udawomba masabata angapo osaleka, ngalawa zili pamchenga, ndipo palafini, mchere ndi sopo tinkangotenga pangongole pa golosale ina. Mwini wake ankalemba m'kope la ana asukulu, tsamba lathu lidadzaza mpaka kuseri. Bambo adayamba kuzungulira njira ya kudambo poopa kudutsa pakhonde pa golosaleyo. Kenaka achimwene awo, atangobwera ku Joni, adapita mwakachetechete n'kulipira zonse. Bambo osadziwa, tsiku lomwe adapha usipa pang'ono adamanga tindalama pakansalu, n'kunditenga kuti tikachepetseko. Wagolosale adatsegula kope, tsamba lonse lili ndi mzere wofiira kuchokera pakona kufika pakona. Bambo adakakamirabe kuti alandireko. Munthu uja adaseka n'kuti, "Mukufuna ndilandire kawiri?" Ndimakumbukira bambo ataima ndi kansalu kaja m'manja, osadziwa kokaika.

A evangelical amaima pamenepo. Amati munthu aliyense ndi wochimwa, osati chifukwa choti waba kapena wapha chabe, koma mtima weniweniwo udapotoka, monga Aroma 3:23 anenera kuti onse adachimwa. Ngongoleyo sitingaibweze ndi kupita ku tchalitchi, kusala kudya, chakhumi, kapena yunifolomu ya amayi. Yesu adaisenza pamtanda m'malo mwathu, n'kunena liwu lija la pa Yohane 19:30 loti "Kwatha", ndipo pa tsiku lachitatu adauka ndi thupi lenileni, osati mzimu chabe. Munthu amayesedwa wolungama pamaso pa Mulungu pokhulupirira Iyeyo. Aefeso 2:8-9 amati ndi chisomo, ndi mphatso ya Mulungu, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitamandire. Fanizo langa la golosale lili ndi potsimphina pake, ndivomere: Mulungu si wamalonda wouma mtima woyembekeza kuti wina amulipire. Mwini ngongole yemweyo ndiye adapereka Mwana wake. Koma za kansalu ka bambo zija n'zoona ndithu. Anthufe mphatso imativuta, timafuna tiikepo kathu.

Mkangano umenewu ndi wakale. Mu 1517 Martin Luther, ku Wittenberg m'dziko la Germany, adalemba mfundo 95 zotsutsa kugulitsa makalata omwe anthu ankauzidwa kuti achepetsa chilango cha machimo. Nchifukwa chake ine ndimati wogulitsa madzi odzoza, kaya chikwangwani cha pa tchalitchi chake chalembedwa evangelical ndi zilembo zikuluzikulu, wabwerera kumene Luther adachoka. Sindikunena ngati munthu woyera m'manja ayi. Mayi a kunyumba atadwala nthawi yaitali, mankhwala osagwira, ineyo, mkulu wa mpingo, ndidakwera minibasi usiku kupita kwa mneneri wina. Adandiuza kuti ndifese mbewu molingana ndi kukula kwa vuto langa. Ndidasiya ndalama ya matumba awiri a mpunga, n'kubwera ndi kabotolo ka madzi ndi kansalu. Pobwerera, kabotolo kali m'thumba la jekete, mutu udangondibwerera ku Machitidwe 8, pomwe Simoni wamatsenga adatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro n'kumuuza kuti atayike nayo pamodzi ndalama yakeyo. Ndime imeneyo ndidaiphunzitsapo anthu kangapo, koma mantha atandigwira ndidaiiwala. Mayiwo adachira patapita miyezi, atabwerera ku chipatala ndi kupempheredwa ndi anzathu omwe sadapemphe ngakhale tambala. Timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, inde, koma salipiritsa.

Chomwe chidandibweza usiku umenewo ndi Baibulo, ndipo apa ndi pomwe a evangelical amaumirira kwambiri. Amati mabuku 66 aja, 39 a Chipangano Chakale ndi 27 a Chatsopano, ndi mawu ouziridwa ndi Mulungu, ndipo ndiwo oweruza omaliza. Mwambo wa mpingo uli ndi malo ake, abusa tiwalemekeze, maloto alipo, koma zonsezi ziyesedwe ndi Malemba, osati Malemba kuyesedwa ndi zimenezo. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 ankamvera Paulo yemwe, komabe tsiku ndi tsiku n'kumafufuza m'Malemba ngati zili choncho. Ngati Paulo ankafufuzidwa, nanga "Papa" wa pa TikTok ndani? Ndiye chifukwa chake amishoni a mtundu umenewu ankathamangira sukulu ndi kumasulira. Mukamapita ku Lilongwe kudzera ku Salima mumadutsa pa Mvera, pomwe a Dutch Reformed adayamba mishoni mu 1889. Kumeneko, pa phiri la Kaso, William Murray ndi anzake achimalawi adagwira ntchito yomasulira imene idatipatsa Buku Lopatulika mu 1922. Cholinga chinali choti agogo a m'mudzi aziwerenga okha, asamangomva za m'kamwa mwa wina. Choncho mukaona mpingo umene anthu ake amapita ndi envelopu koma Baibulo kusiya kunyumba, dziwani kuti pali chakwanika.

Za Mulungu mwiniwake simusiyana naye konse mnyamatayo. Chikhulupiriro cha ku Nicaea, chomwe chidayamba pa msonkhano wa mu 325 n'kumalizidwa ku Constantinople mu 381, chimene inu mumanena pa misa, iyenso ndi chake ngakhale mpingo wake utakhala wosachilakatula Lamulungu lililonse: Mulungu mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, Yesu Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, wobadwa mwa namwali Mariya. Kuno kwathu nkhani imeneyi si ya m'buku chabe, pakuti tidakulira limodzi ndi Asilamu kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo m'mabanja ambiri muli zipembedzo zonse ziwiri. Ndili ndi mnzanga wachisilamu amene timakhala naye pansi pa mango iye akusoka ukonde. Amandiuza kuti Issa amamulemekeza, adabadwa mwa namwali, ndi mneneri wamkulu, koma si Mwana wa Mulungu ndipo sadafe pamtanda. Ine ndimamuyankha kuti ukachotsa ziwiri zimenezo wandichotsera denga ndi maziko omwe. Timatsutsana mpaka tiyi kuzizira, kenaka iye amapita ku swala, ine kwathu, ndipo pa maliro timakumba manda limodzi. Mnyamata wanuyo akamanyoza Asilamu kapena Akatolika pofuna kuonetsa kuti ndi wopulumuka, chimenecho ndi chibwana chake, si chiphunzitso.

Tsopano liwu lomwe mudzalimva kwambiri kwa iye: kubadwa mwatsopano. Lili pa Yohane 3, pomwe Yesu adauza Nikodemo, munthu wachipembedzo kale ndi mphunzitsi, kuti ngati munthu sabadwa mwatsopano sakhoza kuona Ufumu wa Mulungu. Mfundo yake ndi yoti Chikhristu sichoyamwira. Kubadwira m'banja lopemphera, kubatizidwa, kulowa kalasi, kuimba kwaya, zonsezi n'zabwino, koma munthu mwini ayenera kulapa ndi kudalira Khristu, ndipo ndi Mzimu Woyera amene amasintha mtimawo. John Wesley anali kale wansembe wa Anglican, atapitanso ku America kukalalikira, pamene pa 24 May 1738, pa msonkhano wina ku Aldersgate mu London, adatsimikizika mumtima kuti machimo ake akhululukidwa. Ambiri a msinkhu wanga zimenezi zidatipeza ku sekondale, m'mapemphero a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu. Koma pano ndimasiyana ndi anzanga ena. Alipo amene amati ngati sungatchule tsiku ndi ola ndiye kuti sudapulumuke, kapena amayesa kuti kukweza dzanja pa chitsitsimutso ndiye basi zatheka. Ena kuwala kumawafikira ngati mphezi, ena ngati m'bandakucha wa panyanja, sungaloze mphindi yomwe mdima udatha koma ukuona kuti kwacha. Mayi anga sankadziwa tsiku lawo, ndipo sindidaonepo Mkhristu woposa iwo. Iye akakuuzani kuti a Anglican onse ndi osapulumuka, mumufunse kuti adalowa liti m'mitima yawo.

Mwina malume anena kuti, ngati zili zaulere ndiye munthu azingochimwa? Ayi. Yakobo 2 amati chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Ntchito zabwino si mtengo wogulira, ndi zipatso. Bambo anga sadalipire kanthu, koma kufikira imfa yawo achimwene awo aja sankagula nsomba. Ndiye poyesa mnyamatayo musawerenge ma "aleluya" ake. Onani ngati amabweza ngongole, mmene amayankhulira ndi mayi ake, ngati ali ndi chibwenzi china ku Dwangwa, komanso ngati amalemekeza thupi lanu pamene ukwati usanachitike.

Palinso china chokhudza kwathu kuno. Popeza 1 Timoteo 2:5 amati mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, Yesu Khristu, a evangelical sapemphera kudzera mwa Mariya, oyera mtima kapena mizimu ya makolo. Mudzaona kuti akukana kuombeza, zithumwa za m'chiuno mwa mwana, ndi mankhwala otsirika ngalawa kapena ukonde. Ngati kwanu zimenezi zimachitika mwana akabadwa, kambiranani lero, chifukwa mikangano yambiri ya apongozi imayambira pa kamkanda ka khanda.

Kulalikira amakutenga ngati ntchito ya Mkhristu aliyense, osati abusa okha, nchifukwa chake mumawapeza m'misika ndi m'mabasi. Amakhulupiriranso kuti Yesu adzabweranso mooneka, akufa adzauka, kudzakhala chiweruzo, moyo wosatha ndi chilango chosatha. Wotchula deti ndi wabodza, Mateyu 24:36 adatseka kale pakamwa pake.

Zotsalazo amasiyana okhaokha, ndipo nthawi zina amakangana koopsa. Malilime ndi nkhani ya a Pentekoste, gulu lomwe lidakula kuchokera ku chitsitsimutso cha ku Azusa Street, Los Angeles, mu 1906. A Pente ambiri ndi a evangelical, koma a evangelical ambiri si a Pente, ndipo ine sindidayankhulepo malilime chibadwire. Amayi kulalikira, mowa, zovala, kaimbidwe, mpingo uliwonse uli ndi zake. Chimene chikukhudzeni inu mwachindunji ndi ubatizo. A CCAP amabatiza makanda ngati inu ndipo ubatizo wanu sadzaukayikira. A Baptist ndi a Pente amabatiza munthu wovomereza yekha, pomumiza, choncho n'kutheka kuti adzakupemphani kulowa m'nyanja ngakhale mudabatizidwa muli wakhanda, ndipo ana anu sadzabatizidwa mpaka atakula, adzangoperekedwa kwa Ambuye. Mgonero nawonso ambiri amautenga ngati chikumbutso, ndipo sauchita sabata iliyonse monga mudazolowera. Izi si zazing'ono kwa munthu wokulira pa guwa la Anglican, musalole kuti chikondi chikutsekeni maso n'kudzalira pambuyo.

Ndiye malume anu asafunse kuti "ndiwe evangelical?" Afunse dzina lenileni la mpingo, abusa ake ndani, adaphunzira kuti, ndipo akalakwa amawadzudzula ndani. Mpingo umene mwini wake ndi munthu mmodzi, ndalama zonse zikulowa mu nambala ya foni yake, ine ndimauopa. Amufunsenso mnyamatayo kuti munthu amapulumuka bwanji, n'kungokhala chete kumvetsera ngati atchule Yesu ndi mtanda kapena atchule "munthu wa Mulungu" wake. Kenaka Lamulungu lina mupite konko osamuuza, mukhale kumbuyo, muone ngati ulaliki ukuchokera m'ndime yomwe yawerengedwa, komanso nthawi ya chopereka itenga mphindi zingati. Malumewo apite nawo, ndipo Baibulo mutenge lanu.