Jenereta ya eni nyumba inandiphera furiji ndi TV usiku umodzi

Achemwali, mwafunsa ngati mungavomere kugwiritsa ntchito jenereta ya eni nyumba magetsi akazima. Yankho langa ndi ili: musalumikize furiji ndi TV yanuyo ku jeneretayo musanaione ndi maso anu komanso kuwerenga manambala olembedwa pambali pake, ngakhale akuuzeni kuti ndi yamphamvu bwanji. Ine ndinakhulupirira mawu a pakamwa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki wopserera mtima umandipweteka.

Munali mu July 2023, sabata yomwe ija kunagwa chipale chofewa muno mu Johannesburg, chaka chimene stage 6, kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku, tinachita kuizolowera. Ndinkachita lendi chipinda cha kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, ndipo pabwalopo tinalipo mabanja anayi. Mwini nyumbayo anagula jenereta yogwiritsidwapo kale ntchito, natiuza kuti aliyense azisonkha ndalama ya petulo pamwamba pa lendi. Tinavomera mosangalala, poti ndani safuna kuwala nthawi yozizira? Chimene sitinafunse ndi mmene anailumikizira. Mkuluyo anatenga chingwe chokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, mbali ina ku jenereta, mbali ina mu soketi ya m'galaja, kenako n'kumatsitsa main switch ndi dzanja akakumbukira. Motero magetsi a jenereta ankayenda m'mawaya a pabwalo ponse, ndipo aliyense ankayatsa chimene wafuna osadziwa zimene mnzake wayatsa.

Madzulo amenewo magetsi anazima 6 koloko. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku ntchito, zala zitauma ndi chisanu, mwana wanga atakhala pamphasa akuonera makatuni. TV imeneyo ndinailipira pa lay-by miyezi isanu, ndipo cholinga changa chinali choti mu December ndiipereke kwa a transipota ipite kwa mayi anga ku Ntcheu. Furiji inali yodzaza ndi ndiwo za mwezi wonse, nkhuku, nyama ya ng'ombe, ndi chambo chimene mlamu wanga anabwera nacho kuchokera kumudzi. Patapita nthawi pang'ono ndinamva jenereta ikusintha kaliridwe, ikubuula ngati galimoto yolemedwa pa chitunda, ndipo babu la m'chipinda linafiira n'kutsala pang'ono kuzima. Pambuyo pake ndinamva kuti chipinda china anayatsa ketulo pomwe chipinda chinanso anali atayatsa hita. Furiji inayamba kulira kuti tiki, tiki, ikuyesa kudzuka koma ikulephera. Ndisanaimirire n'komwe, injini ija inakuwa mwamphamvu, babu linawala koopsa mpaka m'chipinda munayera ngati masana, kenako linaphulika. TV inangoti phu, ndipo kautsi koyera kanatuluka kumbuyo kwake. Mwana anayamba kulira mumdimamo, ine ndikupapasa khoma kufunafuna pulagi ya furiji, nditaponda magalasi a babu ndi phazi lopanda nsapato. Pamene ndinkaizula n'kuti kumbuyo kwake kukutentha moti sindikanatha kugwirako, ndipo tchaja ya foni imene inali pa soketi yomweyo inali itatupa.

Kutacha furiji inkayaka getsi la mkati lokha, osazizira. Wokonza mafuriji atabwera anati kompuresa yapsa, ndipo mtengo umene ananena unali pafupifupi wofanana ndi wa furiji ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Munthu yemweyo ndi amene anasuzumira jenereta ija n'kundionetsa kuti AVR yake, kachipangizo kamene kamagwira mphamvu ya magetsi kuti isachoke pa ma volt 230, inali itafa kalekale. Nyama ndinagawira anthu a pabwalopo isanawole, ndipo ena mwa amene analandira ndi omwe aja anayatsa ketulo.

Koma chimene chimandiwawa kuposa katunduyo ndi ichi: mwini nyumba ankadziwa. Mkazi wake yemwe anaulula kuti mababu a m'nyumba mwawo ankapsa kawirikawiri, ndipo TV yawo ankaizula nthawi zonse asanalize jenereta. Anateteza zake, ife osatiuza kanthu, koma ndalama ya petulo ankatolera tsiku lake lisanakwane n'komwe. Nditapita kukadandaula mwaulemu, anandiyankha ali chiimire pakhomo kuti palibe amene anandikakamiza kulumikiza zinthu zanga, ndipo ngati sindikukondwa pali anthu ambiri ofuna chipindacho. Mukudziwa nonse tanthauzo la mawu amenewo akamauzidwa munthu wobwera. Kwa eni kulibe mkuwe, ndinameza mawu, ndinalipira lendi ya mwezi umenewo yonse, ndipo nditasamuka dipoziti yanga anaidula ponena kuti soketi ya m'chipinda ndinaiwotcha ndine.

Tsono inu chitani masamu musanavomere. Jenereta yolembedwa 2.5 kVA imapereka ma watt pafupifupi 2000 basi, ndipo ketulo imodzi yokha imadya pafupifupi onsewo. Hita, ayironi, mbaula ya magetsi ndi geyser zili m'gulu lomwelo la zinthu zotenthetsa, ndipo siziyenera kuyandikira jenereta yaing'ono. Furiji imanyenga, chifukwa ikamayenda imadya pang'ono, koma kompuresa ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposerapo, ndipo ikapeza magetsi ofooka imangokakamira n'kumatentha mpaka kupsa, monga inachitira yanga. TV, dekoda, rauta ndi laputopu sizidya zambiri, koma sizipirira magetsi okwera ndi kutsika. Zimenezi zimafuna jenereta ya mtundu wa inverter, imene imatulutsa magetsi okhazikika, kapena ina iliyonse imene AVR yake ili moyo. Muziliza jenereta popanda cholumikizidwa, idikireni ikhazikike, kenako muzilumikiza chimodzichimodzi kuyambira chachikulu, ndipo muzizula zonse musanaizimitse. Musalole kuti petulo athere zinthu zili zolumikizidwa, chifukwa injini ikamatsamwa magetsi nawo amadumphadumpha. Furiji ikazima, ipatseni mphindi zingapo musanaiyatsenso.

Funsaninso ngati pali changeover switch, imene imadula magetsi a mumsewu nyumba ikamagwiritsa ntchito jenereta, yoikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka amene anapereka CoC, chikalata chotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo. Chingwe cha mapulagi awiri chija chikhoza kupha munthu, chifukwa zitsulo za pulagi imene ili m'manja zimakhala ndi moto, ndipo main switch ikaiwalika magetsi amabwerera m'mawaya a mumsewu kumene mwina wina akukonza. Ndipo jenereta isalire m'chipinda, m'khonde lotsekeka kapena pansi pa zenera lanu, ngakhale mukuopa akuba, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide imene ilibe fungo ndipo imapha anthu ali m'tulo.

Kunena zoona, furiji siifunika n'komwe jenereta ngati magetsi azima maola awiri kapena anayi, bola musamaitsegule, ndipo mabotolo a madzi oundana amathandiza kwambiri. Rauta ndi foni zimakwanira pa ka UPS kakang'ono, kachipangizo ka batire kosungira magetsi. Komabe sindikunena kuti mukane zimene eni nyumba akupatsanizo, chifukwa kukhala mumdima ndi ana nthawi ya chisanu ndi chinthu chowawa, ndipo kukana kungakuyambanitseni ndi munthu amene mukugona pakhomo pake. Ngati jeneretayo ndi yaikulu ndithu, vomerani, koma pemphani chingwe chanuchanu chochokera pa jenereta penipeni, ndipo mugule fridge guard, kapulagi kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri. Ineyo pano ku Turffontein kumene ndinasamukira ndinalumbira kuti sindidzagawananso jenereta ndi munthu, koma mawaya atabedwa m'dera lathu n'kukhala masiku atatu opanda magetsi, ndinakoka chingwe kuchokera kwa a neba, Amalawi anzathu a ku Mangochi, ndipo furiji yatsopanoyo ndinailumikiza. TV yokha ndi imene ndinaisiya yozula, ndipo mwana ankaonera makatuni pa foni.