Chifukwa chake feteleza amafotetsa chimanga nthaka ili yonyowa

Bambo wina wa ku Ulongue, m'boma la Angónia, wanditumizira imelo kufunsa chifukwa chake chimanga chake chinafota ndi kupsa nsonga za masamba atangothira feteleza wa NPK, chikhalirecho nthaka inali ndi chinyezi. Akudabwa ngati anagula feteleza wachinyengo.

Bambo, ine ndikuona kuti vuto lagona pa malo amene munathira fetelezayo, ndipo zimene zinachitikazo asayansi amazitcha osmosis. Zomera, nyama ndi anthu tonse tinapangidwa ndi maselo, tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo selo iliyonse inakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamene kamalola madzi kudutsa mosavuta koma kamatsekereza mchere, shuga ndi zina zambiri zosungunuka m'madzimo. Madzi akadutsa pa kakhunguka amachoka mbali imene kuli zosungunuka zochepa n'kupita kumene zachuluka. Wasayansi Jean-Antoine Nollet wa ku France anaziona zimenezi mu 1748, atagwiritsa ntchito chikhodzodzo cha nkhumba.

Masiku onse madzi a m'kati mwa mizu amakhala ndi zosungunuka zambiri kuposa madzi a m'nthaka, motero chinyezi chimalowa chokha m'timizu ting'onoting'ono tija, maselo n'kufufuma, n'kukankha chikhungwa chawo cholimba, ndipo kufufumako ndiko kumaimika tsamba kuti likhale chilili. Koma feteleza wa NPK ndi mtundu wa mchere. Mukamuunjika patsinde penipeni, amasungunuka m'madzi ochepa a pamalopo, zosungunuka n'kuchuluka kunja kuposa m'kati mwa muzu, ndiye madzi amabwerera m'mbuyo: amatuluka m'mizu kupita m'dothi. Mbewu imafa ludzu ili pa nthaka yonyowa, ndipo zimandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa thumba la feteleza silibwera ndi ndalama zochepa.

Mungathe kuziona nokha pakhomo. Tengani kachewere mmodzi, poti kwathu kuno ndi ku Tsangano sasowa, musende ndi kudula tizidutswa tiwiri totalika ngati chala. Kamodzi muike m'kapu ya madzi okhaokha, kachiwiriko m'kapu ya madzi amene mwasungunuliramo masupuni awiri a mchere. Pakapita maola angapo, koyambako kadzakhala kolimba moti mukakapinda kadzathyoka kuti thyo, pamene ka mumchere kadzakhala kolobodoka, kopindika osathyoka. Asodzi a ku Cahora Bassa amadalira zomwezi pothira mchere nsomba ya chikowa, pakuti mcherewo umatulutsa madzi mu mnofu ndiponso m'tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikanaiwoletsa.

Maselo a anthu alibe chikhungwa cholimba ngati a zomera, n'chifukwa chake maselo ofiira a m'magazi akaikidwa m'madzi okhaokha amafufuma mpaka kuphulika. Dilipi ya mchere imene amaika odwala kuchipatala imakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, mlingo wofanana pafupifupi ndi wa zosungunuka za m'magazi, kuti madzi asasefukire m'maselo kapena kutulukamo.

Tsono ulendo wina, bayani kadzenje pambali pa phando, patali ngati masentimita 5 mpaka 10 kuchokera patsinde, muthiremo feteleza mwa mlingo wake ndi kukwirira, ndipo chitani zimenezi dothi litanyowa mokwanira. Ngati munda uli kudimba kumene mungathe kuthirira, thirirani madzi ambiri pa mbewu zofotazo kuti mcherewo usungunuke ndi kumwazika, pakuti zimene mizu yake sinaferetu zikhoza kutsitsimuka.