Giza ndi chaja zikumaliza batire ya campervan: bokosi lachiwiri lilumikizidwe pati?

Funso: Bambo, ine ndili ku Leeds ndipo ndinagula campervan (galimoto yokhala ndi pogona) yakale yoyendera ndi banja. Ndinaikamo inveta ya 2000W ndi batire ya 100Ah. Tikagona pamalo opanda hook-up (polumikizira galimoto ku magetsi a pa campsite), batire imatha pakati pa usiku pasanakwane. Ndikufuna kuti giza, firiji ndi chaja ya batire zizilandira 230V pokhapokha tikalumikiza ku campsite. Kodi ndingowonjezera bokosi lina la ma breaker?

Yankho: Achimwene, bokosi lachiwirilo mwaganiza bwino, koma nkhani yagona pa malo amene mulitengere magetsi. Mmene mwafotokozeramu, zikuoneka kuti inveta yanu ikudyetsa bokosi lonse lakale, kuphatikizapo chaja. Ndiye batire ikupereka mphamvu ku inveta, inveta ku chaja, chaja n'kubwezera ku batire yomweyo. Zili ngati kutunga madzi mu ndowa n'kuwathiranso momwemo, kwinaku ena akutayikira pansi. Firiji yamtundu wa gasi, 12V ndi 230V, ikakhala yosankha yokha, imathamangira ku 230V ikangoiona, osadziwa kuti ikuchokera ku batire. Giza ndiye woopsa. Wa 1800W amakoka pafupifupi 8A pa 230V, koma kumbali ya 12V zimenezo zimaposa 150A. Batire ya 100Ah siingafike nazo ola limodzi.

Tsono muchite chonchi. Waya wochokera pa inlet (polowera magetsi a campsite) ya pakhoma la galimoto ayambe walowa mu RCD (kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira ku earth) ya 30mA yodula live ndi neutral zonse. Akatuluka pamenepo, mugawe pawiri. Njira yoyamba ipite ku bokosi latsopanoli, momwe mukhale ma breaker a giza, firiji ndi chaja, ndi hita ngati ilipo. Njira yachiwiri ipite ku transfer switch (switch yosankha pakati pa magetsi a campsite ndi a inveta), kenako ku bokosi la masoketi amene mukufuna aziyaka ngakhale muli kutchire. Kugawako kuchitike magetsi asanafike ku inveta. Mukazula hook-up, bokosi latsopanoli limathima lokha, palibenso chokumbukira kuzimitsa.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa neutral. Amasamutsa live yokha, neutral n'kuisiya pa bar yakale pamodzi ndi ya masoketi. Ayi ndithu. Bokosi lililonse likhale ndi neutral yakeyake, ndipo ziwirizi zisakumanenso kutsogolo. Zikakumana, RCD imangogwa popanda chifukwa chooneka, komanso magetsi a inveta amatha kubwerera mpaka pa inlet. Kumbukirani kuti mapini a inlet ali poyera mukatsegula kachivundikiro, ndipo mwana akhoza kuwagwira. Ichi ndiye chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito yonseyi. Earth yokha ndiye imalumikizana paliponse, mpaka ku chassis ya galimoto, koma musaiphatikize ndi neutral m'bokosi lililonse.

Potulukira magetsi a inveta pakufunika RCD yakenso, chifukwa ija ya pa inlet siiona magetsi a batire. Kuti RCD imeneyi igwire ntchito, neutral ndi earth ziyenera kulumikizana pa inveta nthawi imene ikupanga magetsi yokha, n'kulekana hook-up ikabwera. Ma inveta okhala ndi chaja momwemo monga Victron MultiPlus amachita zimenezi okha, ndipo mitundu yake ikuluikulu ili ndi potulukira pachiwiri potchedwa AC-out-2 pamene pamayaka pokhapokha magetsi akunja alipo. Ma inveta ena otchipa salola n'komwe kulumikiza neutral ndi earth, choncho werengani kabuku ka yanuyo musanagwire waya.

Ku Britain malamulo a ntchitoyi ali mu BS 7671, Section 721. Amafuna ma breaker odula mawaya onse awiri, ndipo mudzaona phindu lake mukadzawolokera ku France, kumene nthawi zina live ndi neutral zimabwera zitasinthana. Waya akhale wofewa wa timawaya tambiri, osati wouma uja wa m'makoma a nyumba, poti galimoto imagwedezeka ndipo woumayo amathyokera pa screw. Wa 2.5mm² ndi wa 16A, wa 1.5mm² ndi wa 6A kapena 10A. Asayende m'paipi imodzi ndi mawaya a 12V, ndipo asadutse mosungira botolo la gasi.

Funso: Nanga ndikaika bokosili, ndingayatse giza, hita ndi ketulo nthawi imodzi?

Yankho: Bokosi siliwonjezera magetsi, achimwene. Pulagi yabuluu ya hook-up ndi ya 16A, kutanthauza 3680W, koma ma campsite ambiri amapereka 10A yokha, yomwe ndi 2300W. Giza wa 1800W ndi ketulo ya 2000W zikakumana, breaker ya pa mtengo wa magetsi wa campsite igwa.

Mukamaliza, zulani hook-up, yatsani inveta, ndipo muyeze ndi mita m'bokosi latsopano komanso pa mapini a inlet: live ndi neutral, live ndi earth, neutral ndi earth. Ponsepo pasaoneke 230V kapena china choyandikira. Kenako mupite nayo kwa wamagetsi wovomerezeka akayeze earth ndi liwiro la ma RCD ndi makina ake, banja lisanagonemo.