Kabodi kakungouma pampu ikayaka: yambani mwayang'ana mu interrupt

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Area 25. Anapanga kachipangizo koyendetsera pampu ya pachitsime pogwiritsa ntchito kabodi ka chipu cha STM32F103 ndi FreeRTOS, pulogalamu yogawira chipucho ntchito zosiyanasiyana zotchedwa ma task, ndipo sensa yowerengera madzi odutsa m'paipi ndi imene imadzutsa interrupt, chizindikiro chouza chipu kuti chisiye kaye zimene chikuchita. Funso lake linali lakuti: "Patebulo kamagwira bwinobwino, koma ndikakamangirira ku pampu kamauma pakatha maola angapo. Adaputala ndasintha kawiri. Kodi ndi magetsi?"

Achimwene, magetsi athu tonse timawadziwa, koma apa musafulumire kuwaloza chala. Pulogalamu munatumiza ija ndayiwerenga, ndipo m'kati mwa handler, kachigawo ka pulogalamu kothamanga interrupt ikabwera, ndapezamo printf yolembera mawu ndi xQueueSend yotumizira uthenga kwa task. Vuto layambira pamenepo.

Interrupt ili ngati munthu wogogoda pakhomo nsima ili pamoto. Mumathamanga, kulandira uthenga, n'kubwerera ku mthiko msangamsanga. Mukamupatsa mpando n'kuyamba naye macheza, nsima ipserera. Handler igwire zochepa kwambiri: iwerenge nambala, ifufute flag yosonyeza kuti interrupt yabwera, itumize uthenga kwa task, basi. Zolemba pa sikirini ndi masamu a malita zisiyireni task.

xQueueSend imatha kudikira queue, mzere umene mauthenga amadikirirapo, ikadzaza, pomwe handler siloledwa kudikira ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake FreeRTOS ili ndi xQueueSendFromISR, ndipo kumapeto kwa handler muziitana portYIELD_FROM_ISR kuti task yodikira uthengawo idzuke nthawi yomweyo. Nayo printf imadya stack yambiri, malo a mu memory amene function imasungirapo zinthu mongoyembekezera. Pa Cortex-M, mtundu wa purosesa ya m'chipu chanu, ma handler onse amagwiritsa ntchito stack yaikulu yotchedwa MSP, imene configCHECK_FOR_STACK_OVERFLOW siyiyang'anira, chifukwa iyo imalondera ma task okha. MSP ikasefukira, imawononga memory mwakachetechete.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi priority, nambala yosonyeza interrupt yofunika kuposa inzake, poti chagwetsa anthu ambiri odziwa ntchito. Manambala ake ndi ozondoka. Pa chipu chanucho amayambira 0 kulekeza 15, ndipo 0 ndiye wamkulu kuposa onse. Interrupt imene simunayipatse nambala imakhala pa 0. Tsono FreeRTOS ikamasintha mindandanda yake imatsekereza ma interrupt kufika pa malire a configMAX_SYSCALL_INTERRUPT_PRIORITY okha, ndipo CubeMX, pulogalamu yokonzera zoyambira za STM32, imaika malirewo pa 5. Interrupt ya pa 0 mpaka 4 imalowa ndithu ngakhale chitseko chili chotseka. Ikaitana function ya FreeRTOS pa nthawi yolakwikayo, mndandanda umasokonekera, koma kabodi kamadzagwa patsogolo, pamalo ena osagwirizana n'komwe ndi sensa. N'chifukwa chake patebulo kamaoneka kabwinobwino: madzi sakuyenda, ma interrupt ndi ochepa. Ikani sensayo pakati pa 5 ndi 15, ndipo muyatse configASSERT. Iyo imaimitsa pulogalamu pomwepo cholakwikachi chikangochitika.

Ine zoterezi zinandigoneka mochedwa masiku atatu m'kashopu kanga ku Biwi. Ndinasintha zonsezi koma kabodi kankaumabe. Kenako ndinauza handler kuti izikweza pini imodzi polowa n'kuitsitsa potuluka, ndipo piniyo ndinailumikiza ku oscilloscope, makina oonetsa kukwera ndi kutsika kwa magetsi pa sikirini. Relay yoyatsa mota itangoti thwa, mizere inadzaza sikirini yonse ngati mvula ya mu Januwale. Waya wa sensa ndinali nditauyendetsa limodzi ndi wa mota, ndiye phokoso la magetsi linkadzutsa interrupt kambirimbiri moti ma task sankapeza mpata. Nditasiyanitsa mawaya n'kuika resistor ndi capacitor pa pini ya sensa, zinatha. Yanunso ndi pampu, choncho mayeso amenewa musawadumphe.

Kakadzaumanso musathamangire kukazimitsa. Lumikizani ST-Link, kachipangizo koonera m'kati mwa chipu kudzera pa kompyuta, muone pamene kaima. Ngati ndi mu HardFault_Handler, mmene purosesa imathawira ikagwa, werengani CFSR, nambala yonena chimene chalakwika, pa adiresi 0xE000ED28, komanso PC (program counter, adiresi ya pamene pulogalamu inafika) imene purosesa inasunga pa stack, kenako muifufuze m'fayilo ya .map kuti mudziwe function imene inagwa. Manambala awiriwo munditumizire pa imelo yomweyi tidzaonere limodzi.